Phungu Amene Sanathe Kudzivotera

Inu amene mwadzuka lero mutu utaima, osadziwa kolowera, khalani pansi pang'ono mumve za Verna Tackett.

Kutacha pambuyo pa chisankho chachipulula, Verna ankayenda m'mbali mwa msewu wa ku Cotter Gap akuzula zikwangwani zake. Mvula inkawaza. Anthu anayi ankalimbirana kuimira chipani chawo pa mpando wa phungu wa dera lathu ku nyumba ya malamulo ku Washington, ndipo Verna anathera kumchira. Ngakhale wachitatu anamusiya kutali. Pachikwangwani china, munthu anali atajambula ndevu pankhope yake.

Verna anakula wamasiye. Iye ndi mlongo wake Harlan ankangosinthidwa nyumba, chaka chino kwa awa, chaka chamawa kwa ena. Sukulu anasiyira panjira. Analowa ntchito pa fakitale yokonza nkhuku ali mtsikana, ndipo anakhalitsa pamenepo mpaka zala zinapindika ndi kuzizira kwa m'chipinda chodulira. Kenako mtsinje unasefukira n'kukokolola kanyumba kake pamodzi ndi nyumba za anansi ambiri. Nyengo yonse yotentha anagona m'galimoto pabwalo la tchalitchi. Akaimba foni ku ofesi iyi ankamutumiza ku ofesi ina, ndipo ku ofesi inayo ankamubweza kumene wachokera. Atatopa ndi kuzunguliridwa, anapita kukalembetsa dzina lake kuti iye mwini aime pa chisankho.

Chimene chinamugwetsa ndi mtsutso wa pa kanema. Wofunsa anamufunsa za misonkho ya katundu wochokera kunja. Verna sanamve n'komwe kuti funsolo likuti chiyani. Anangoti kakasi, maso ali pa magetsi, kenako anayamba kulankhula za mlatho wa ku Cotter Gap umene madzi anagumula. Kachidutswa ka kanemako kanayenda pa mafoni m'chigawo chonse. Ku fakitale anamupatsa dzina lakuti a Mlatho.

Akuzula chikwangwani chomaliza, Harlan anaimitsa galimoto yake pambali.

"Kwera iwe, wanyowa," anatero. "Basitu, wayesa. Bwerera ku nkhuku zako. Nkhuku sizifunsa mafunso."

Verna anakwera, madzi akudontha m'tsitsi.

"Harlan, ndiuze zoona. Ndinalakwitsa pati?"

"Unalakwitsa kudzuka tsiku limene unakalembetsa lija."

Verna anaseka, koma kusekako kunathera m'misozi. Harlan anayatsa chofunditsa m'galimoto n'kuyendetsa mpaka kufika kunyumba.

Ku nkhuku anabwereradi. Koma akaweruka ankapita ku sukulu ya akuluakulu, kumene anamaliza maphunziro a sekondale atakhala pakati pa anthu a msinkhu wa ana ake akanakhala nawo. Ankapitanso ku misonkhano ya khonsolo n'kukhala pampando wakumbuyo. Musaganize kuti zinthu zinayamba kumuwalira. Nthawi zambiri ankatuluka atasokonezeka kuposa mmene analowera. Chimene anaphunzira n'kukweza dzanja.

"Pepani bwana, mawu amene mwanenawo akutanthauza chiyani?"

Ena ankaseka. Ena, amenenso sanamve koma ankachita manyazi, ankamuthokoza panja.

Patapita zaka ziwiri, akuluakulu a chigawo chathu anajambula malire atsopano a madera a aphungu. Dera lathu analidula uku, nalilumikiza uko, mpaka pamapu linkaoneka ngati nsanza imene galu watafuna. Chipani china chinaimika Boyd Kessinger, mwini wa malo ogulitsa magalimoto, munthu wodziwika amene nkhope yake inali kale pa zikwangwani zikuluzikulu za mumsewu. Anthu atatu amene anagonjetsa Verna aja ataona kuti malire atsopanowo akukomera Kessinger, onse anabwerera m'mbuyo.

Wapampando wa chipani cha Verna anamuimbira foni.

"Mayi Tackett, mpando uja mukuufunabe?"

"Nanga anzanga aja?"

"Atanganidwa."

Verna anamva bwinobwino. Chipani chinkafuna munthu woti akagonje m'malo mwa ena. Anayang'ana zala zake, kenako anati, "Lembani dzina langa."

Ataona mapu, mutu unamuzungulira. Mzere wa malire unadutsa pakati penipeni pa msewu umene ankakhala. Tchalitchi chake, chimene chinali kutsidya kwa msewu, chinali m'dera limene ankaimira. Nyumba imene ankachita lendi inali kunja. Anapita ku ofesi ya zisankho kukafunsa.

"Kodi ndingaime, pamene nyumba yanga ili kunja?"

"Mungaime, mayi," anayankha kalaliki. "Lamulo limangofuna kuti mukhale wa m'chigawo chino."

"Nanga kudzivotera?"

"Ayi. Voti yanu ndi ya dera linalo."

"Ndiye ndizipempha anthu achite zimene ine mwini wake sindingachite?"

"Ndi mmene zilili, mayi."

Anatuluka akupukusa mutu, napita kukagogoda pa khomo loyamba.

Anayambira ku chigwa cha Sorrel, kumene malire atsopano analowetsa m'dera lake ndipo palibe amene ankamudziwa. Ankapita akaweruka, nsapato zikadali kununkha mankhwala otsukira a ku fakitale. Ena ankatseka chitseko asanamalize kutchula dzina. Ena ankamuzindikira.

"Kodi si inu a mlatho aja?"

"Ndine ndemwe. Funso lija mpaka lero limandivutabe. Koma ndabwera kudzamva zanu."

Anthu akamva choncho ankaseka, ndipo ambiri ankamulowetsa. Mmodzi wa iwo anali Mayi Odessa Finch, namwino wopuma pantchito, mayi wamasiye wa mawu aakulu ngati a mwamuna. Mayi Finch anamukonda, nayamba kumuitanira azimayi a kutchalitchi kwawo kuti adzamumve pakhonde.

Anagwira ntchito ku Sorrel miyezi iwiri. Ndiye anthu ena amene anakasuma ku khoti za malirewo anapambana mlandu, ndipo khoti linalamula kuti mapu ajambulidwenso. Tsiku limene nkhaniyi inatuluka Verna anali pantchito, kumene mafoni saloledwa. Ataweruka analunjika kwa Mayi Finch monga mwa masiku onse, timapepala ta kampeni tili m'manja.

Mayi Finch anatsegula chitseko n'kumuyang'ana mwachisoni.

"Mwana wanga, sunamve? Ife si akonso. Sorrel amubwezera ku dera lakale."

Verna anakhala pansi pa masitepe.

"Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikupalira munda wa eni?"

"Wapalira bwino ndithu."

"Amayi, ine sindikumvetsa. Nyumba yanga ili kunja. Anthu amene andilandira ali kunja. Kodi dera limene ndikuimirali lili kuti? Ndani ali m'kati? Mwina Harlan ananena zoona."

Mayi Finch analowa m'nyumba, nabwera ndi khofi ndi chigumu chotentha, n'kukhala naye pa masitepepo. Anamusiya adye kaye.

"Tamvera," anatero. "Khoti latenga voti yanga. Galimoto yanga silinatenge. Foni yanga silinatenge. Azimayi aja nawonso ali ndi magalimoto. Iwe pita ukagogode kumene akuponyera tsopano. Ife tikutsatira."

Verna anayambiranso, m'matauni awiri a kumpoto amene mapu achiwiri anamupatsa, masabata ochepa okha atatsala. Mafunso ena ankamugonjetsabe. Pamsonkhano wina mlimi anamufunsa za malamulo a inshuwalansi ya mbewu, ndipo iye anayankha kuti, "Bambo, sindikudziwa. Ndifotokozereni inuyo, ndipo ndikapita kumeneko ndikanene zimene mwandiuza." Amene ankamuthandiza kampeni anagwira kumutu. Mlimiyo anamufotokozera kwa nthawi yaitali, anthu akumvetsera.

Tsiku la chisankho linali la chipwirikiti. Chifukwa malire anasintha kawiri, anthu ambiri anapita kumalo olakwika oponyera voti. Wina ankaima pamzere nthawi yaitali, pofika kutsogolo n'kuuzidwa kuti dzina lake lili kusukulu ya kutsidya kwa mtsinje. Ambiri akanangobwerera kunyumba atakwiya. Koma panja panali azimayi a ku Sorrel ndi magalimoto awo.

"Akubwezani? Kwerani tikusiyeni koyenera. Musatiuze amene mukuvotera, si nkhani yathu."

Verna naye anakaponya voti yake m'dera linalo. Anayang'ana mayina a anthu amene sanawaonepo, nasankha limodzi, n'kutuluka ngati munthu amene walowa nyumba ya eni molakwitsa.

Madzulo ake a pa kanema analengeza kuti Kessinger akutsogola, ndipo posakhalitsa anati wapambana. Verna anachita zimene ogonja amachita. Anamuimbira foni.

"Bambo Kessinger, mwapambana. Mukawatumikire bwino anthuwa."

"Zikomo mayi. Munalimba, sindikunama."

Kutacha anavala chipewa chake cha pantchito n'kubwerera ku fakitale. Anaganiza kuti nkhani yatha.

Koma mavoti otumizidwa pa positi anali asanathe kuwerengedwa, ndipo anali ambiri. Mabanja amene madzi osefukira anawabalalitsa ankakhalabe kwa achibale kutali, ndipo anavota kuchokera komweko. Pa nthawi yopuma, Verna anapeza Harlan atamuimbira kangapo.

"Ukuluzabe," anatero Harlan, "koma pang'ono."

"Kuluza pang'ono ndiye kuti chiyani? Ndinaluza dzulo."

"Inenso sindikudziwa. Usazimitse foni."

Tsiku lotsatira Harlan anati, "Ukutsogola." Litapita lina anati, "Wabwereranso pansi." Kenako anati, "Ukutsogolanso, koma usauze munthu, mwina ndaona molakwika." Kusiyana kunali kochepa kwambiri moti lamulo linafuna kuti mavoti onse awerengedwenso.

Masabata amenewo Verna sankadziwa kuti iye ndani. Pageti mlonda ankamupatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji olemekezeka?" M'kati anzake ankati, "A Mlatho, nkhuku zikudikira." Chakudya sichinkalowa. Anafunsa loya wa chipani funso limene linkamudya mumtima.

"Ine ndinavomera kale kuti ndagonja. Ndinamuuza mwini wake ndi pakamwa panga. Mawu amenewo amabwezedwa?"

"Mayi, foni siisankha phungu. Mavoti ndi amene amasankha."

"Ndiye ndidikire ngati wopambana kapena ngati woluza?"

"Ingodikirani."

Anadikira akudula nkhuku.

Tsiku lina masana, chisanu chitayamba kugwa, kapitawo anabwera pamzere wodulira nkhuku n'kumugwira paphewa.

"Verna, foni mu ofesi."

Anavula magolovesi n'kupita kukailandira. Anali Kessinger.

"Mayi Tackett, amaliza kuwerenga. Mwandiposa ndi mavoti osakwana mazana awiri. Mpando ndi wanu."

Verna anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Mwatsimikiza, bambo? Chifukwa ine ndatopa. Mawa asadzanene zina."

"Awerenga kawiri, maloya anga ali pomwepo. Ndikanakonda ndikanakhala kuti ndikunama."

Anaika foni pansi. Kapitawo ankamuyang'ana, akudikira kuti akuwe kapena agwe. Verna anayang'ana wotchi ya pakhoma, naona kuti nthawi yoweruka sinakwane. Posadziwa choti achite, anavalanso magolovesi n'kubwerera pamzere. Mnzake wa pambali ndi amene anayamba kulira, kenako nkhani inayenda kuchokera pa munthu kupita pa munthu mpaka makina anaimitsidwa. Harlan anafika atavala malaya mopindula, ndipo chimene anakwanitsa kunena n'chakuti, "Iwe, zoona?"

"Akutero," anayankha Verna.

Sabata yake yoyamba ku Washington anasochera m'makonde a pansi pa nthaka akufunafuna chipinda cha komiti. Anaima, nafunsa wapolisi wa pakhomo, ndipo anafika mochedwa, thukuta lili kamukamu. Anakhala pampando wolembedwa dzina lake, ndipo nkhani yoyamba imene anakambirana sanaimve bwino. Anakweza dzanja.

Abale anga, ambiri a ife timadikira kuti mutu uyambe wayera kenako tiyambe kuyenda. Timati ndikamvetsa zonse ndidzayesa, njira ikaoneka bwino ndidzanyamuka. Verna akanadikira tsiku limenelo, bwenzi mpaka lero akudikira. Iye anayenda chifunga chili tolo, akugwa, akusekedwa, akufunsa, ndipo anthu amene anawapeza m'njira yolakwika ndi amene anamunyamula pamene miyendo inafooka.

Mwina inunso lero simukudziwa ngati mukupambana kapena mukuluza. Mwina malire a moyo wanu asunthidwa popanda wokufunsani, ndipo thukuta lanu likuoneka ngati lathera m'munda wa eni. Kusokonezeka si kugonja. Funsani pamene simukumva, gogodani pa khomo lotsatira, ndipo musalengeze kugonja kwanu mavoti asanathe kuwerengedwa. Mtima wanuwo musautaye.