Tsiku Limene Bambo Killian Anasowa ku Greenwich

Tionenji Kachingwe anafika ku London mu February, nyengo imene dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Kwawo ndi ku Lizulu, ndipo asanabwere anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi pachipatala china cha mishoni, kusambitsa odwala ndi kukankha machira. Viza anamupezera ndi a kampani yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo ankadziwa bwino kuti ntchitoyo ikatha, vizanso yatha. Mwamuna wake Lyson ndi ana awiri anatsala kumudzi, akudikira mapepala.

Miyezi inayi yoyamba, London yense kwa iye anali msewu umodzi: kuchoka pachipinda chake ku Thamesmead, kukwera basi, kukatsika pakhomo pa Bambo Killian, madzulo basi yomweyo. Bambo Killian anali ndi zaka 84. Ali mnyamata ankatsitsa katundu padoko, koma tsopano mutu unali utayamba kuwasokonekera. Masiku ena ankamuitana dzina lake bwinobwino, masiku ena ankamufunsa kuti walowa bwanji m'nyumba mwawo.

Mu June mwana wawo Carol anabwera ndi ganizo. "Lachinayi mupite nawo ku Greenwich, amakonda kuona mtsinje. Akafuna mowa, theka la tambula basi. Adokotala analola." Ku ofesi anavomera. Tionenji anati chabwino. Koma ku Greenwich anali asanapondeko, ndipo monga mayi wa Mvano, m'bala anali asanalowemo chibadwire.

Tsikulo ananyamula mankhwala, madzi ndi thalauza ina. M'basi maso ake anali pafoni, kuwerenga masiteji, pamene Bambo Killian ankaloza pawindo n'kumatchula mafakitale amene anagwetsedwa kalekale. Atatsika, anthu anali pikitipikiti, ambiri alendo ojambula zithunzi. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mtsinje, iye atawagwira mkono, mpaka nkhalambayo inakhota yokha n'kukankha chitseko cha bala.

M'katimo munali kamdima, matabwa okhaokha. Mayi wogulitsa atafunsa kuti mowa wake uti, Tionenji sanadziwe woti asankhe, poti mipope yothirira inalipo yoposa khumi. Bambo Killian anadzisankhira okha. Unabwera wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, wosazizira n'komwe.

"Talawa," anatero akumukankhira tambula.

"Ayi bambo, ine sindimwa."

Fungo lokha linamufika, ngati gaga wonyowa. Ankangocheukira pawindo, kuopa kuti wina wa kutchalitchi kwawo ku Peckham angadutse n'kumuona ali pamenepo.

Kuchimbudzi anali atapirira chichokere kunyumba. Anapempha mayi wogulitsayo kuti aziwayang'ana, mayiyo anagwedeza mutu. Sanathe mphindi zinayi. Pobwerera anapeza mpando uli wokha, ndodo yawo palibe, ndipo mayi uja ali kalikiliki ndi gulu la alendo amene anali atangolowa.

"Anali pompa posachedwapa," anatero mayiyo.

Tionenji anathamangira kumtsinje kaye. Panali masitepe otsikira m'madzi, madzi ake amatope, othamanga. Anasuzumira, sanaone munthu. Anabwerera, analowa mumsika, akuitana dzina lawo mokweza, anthu n'kumamupatuka. Mutu wa imvi uliwonse ankauthamangira. Anatulutsa foni, chala chinaima pa nambala ya ku ofesi. M'maganizo anaona Lyson akumulandira pa Chileka ali chimanjamanja, anaona anthu a ku Lizulu akufunsana kuti wabwereranji msanga. Kenako anaganiza za nkhalamba ija ikuwoloka msewu wa mabasi yokha, ndipo anaimbira Carol.

"Mayi Carol, bambo andisowa. Ndinapita kuchimbudzi. Papita mphindi khumi ndi zisanu."

Carol anayankha: "Funsani shopu yogulitsa mapayi ndi mbatata. Amayi ali moyo ankadya kumeneko. Musadule foni."

Munthu wachitatu amene anamufunsa ndi amene anamulozera. Anawaona asanalowe n'komwe, atakhala pabenchi, mbale ziwiri patebulo.

"Ndawapeza," anauza Carol.

Bambo Killian anatukula maso. "Wachedwatu Ellen. Khala, zizizira."

Ellen anali mkazi wawo, amene anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Tionenji sanawatsutse. Anakhala pansi. M'mbale munali payi ya nyama, mbatata yopota, ndi msuzi wobiriwira ngati wa chisoso koma wopanda kukoma kwake. Pambali panali kambale ka mkunga, nsomba yonga njoka, wodulidwa mapisi, wozizira, uli m'madzi oundana onjenjemera. Iwo anamuthirira viniga osamufunsa. Anameza chidutswa chimodzi cha mkungawo, mtima unachita nseru, anabwerera ku mbatata. Koma Bambo Killian, amene kunyumba ankawanyengerera supuni iliyonse, anapukuta mbale yawo n'kumaliza ndi payi yake yomwe.

Madzulo polemba lipoti analemba zonse: bala, chimbudzi, mphindi makumi awiri ndi ziwiri. Wezzie, namwino amene ankakhala naye nyumba imodzi, atamva anagwira pakamwa.

"Iwe, bwanji sunangolemba kuti ulendo unayenda bwino? Munthu wapezeka, sanavulale."

"Nanga Carol sakudziwa? Komanso bodza limenelo ndikanagona nalo bwanji?"

Lachisanu kunali zii. Loweruka ndi Lamulungu foni ikangolira ankaganiza kuti ndi ku ofesi, ndipo Lyson ataimba Tionenji sanamuuze kanthu, anangofunsa za mayeso a ana. Lolemba manijala anamuitanitsa ku ofesi. Anamufunsa mafunso pafupifupi ola lathunthu, wina akulemba. Pomaliza anamupatsa kalata ya chenjezo yokhala m'faelo chaka chimodzi, anamutumiza kumaphunziro a tsiku limodzi, ndipo analamula kuti Bambo Killian akamatuluka, osamalira azikhala awiri. Manijalayo anawonjezera kuti Carol waimba kupempha kuti asawasinthire munthu.

Tionenji anatuluka, anakhala pa siteji ya basi, mabasi awiri anadutsa asanakwere.

Ali pantchito yomweyo mpaka lero. Amatuluka ndi Bambo Killian kamodzi pamwezi pamodzi ndi wosamalira mnzake Monde, mtsikana wa ku Lusaka amene amaseka chilichonse, ndipo afika kale ku Woolwich ndi ku Eltham. Chenjezo lija litha mu June. Anadzamuuza Lyson nkhaniyi patapita miyezi itatu, ndipo Lysoniyo anangofunsa ngati kalatayo ingasokoneze mapepala a ana. Tionenji anati sakuganiza choncho, koma sanafunsebe aliyense wodziwa.