Zimene ndinafufuta pochokera ku Ngokwe

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki mu ofesi ina ku Balaka. Tsiku lina kunabwera bwana wochokera ku likulu. Anatifotokozera kuti dziko lathu linasaina pangano ndi mayiko ena loti liziteteza ufulu wa amayi. Pakapita zaka zingapo, boma limatumiza lipoti ku komiti ya kunja, ndipo komitiyo imaliwerenga n'kufunsa mafunso. Bwanayo ankatolera zoti zilowe m'lipotilo. Popeza ndimayankhula Chiyao, ananditenga kuti ndikamasulire ndi kulemba.

Tinapita ku Ngokwe. Amayi anasonkhana pafupi ndi shedi yogulitsira thonje. Ambiri ankayankha mwachidule, koma mayi wina wamasiye anaimirira osaitanidwa. Anati amuna awo atamwalira, alamu awo anabwera ndi ngolo, anasasula malata padenga, anatenga njinga ndi makina osokera. Mayiwo anakadandaula katatu, ndipo katatu konseko anauzidwa kuti za m'banja zikathere m'banja. Ankagona ndi ana anayi m'nyumba yofolera ndi mapulasitiki.

Ndinamasulira zonse. Bwana anapukusa mutu mwachisoni anthu akuona. Titalowa m'galimoto anandiuza kuti ndiwawerengere zimene ndinalemba pa fomu ya lipotilo.

"Iyayi mayi, zimenezo sizingapite kunja," anatero. "Mukufuna tichititse dziko manyazi? Lembani kuti amayi akudziwa kokadandaula."

"Akudziwa inde, bwana. Nanga athandizidwa?"

"Fomuyi sikufunsa zimenezo."

Ndinafufuta. Ndi dzanja langa lomweli. Ndinkaopa kusamutsidwira kutali ana anga ali pasukulu, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira, theka chifukwa cha bwanayo, theka chifukwa cha ine.

Patapita nthawi ndinamva pawailesi kuti nthumwi zathu zinakayankha bwino mafunso kunjako. Ndinatseka wailesiyo mwamphamvu mpaka batani linathyoka. Anayankha bwino za yani? Anthu a m'komitiyo akanadziwa bwanji kuti ku Ngokwe mvula ikugwera ana pamphasa, pamene pepala lokhalo lowauza ndinaliyeretsa ndine?

Mnzanga wina, mphunzitsi, ndiye anandiuza kuti komitiyo imalandiranso malipoti a magulu omwe si aboma, onena zimene boma lasiya. Zaka zonsezo mu ofesi palibe anatitchulirapo. Ndinapempha tchuthi, ndinakwera minibasi kenako njinga yamoto, mpaka ndinawapeza mayi aja m'munda akukolola thonje.

"Ndinu olemba aja?" anandifunsa, osasiya ntchito. "Ine ndinayankhula pagulu, alamu anga anamva, anabwera kudzanditukwana pakhomo. Inu munakwera galimoto."

Ndinawauza chilungamo, kuti mawu awo sanapite kulikonse, ndipo wowachotsa ndinali ine. Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa.

"Lembaninso," anatero. "Koma mundiwerengere ndisanadinde chala."

Tinakhala pamzere wa m'mundamo. Ndinalemba, ndinawawerengera m'Chiyao, anandikonza pawiri. Pamene ndinalemba kuti katundu anatengedwa, iwo anati, "Anabedwa. Lembani choncho."

Pepalalo ndinalipereka ku gulu lina la amayi ku Liwonde. Ngati linawoloka nyanja, sindikudziwa, palibe anabwera kudzatiuza. Mayi aja anafolera nyumba yawo ndi udzu wodula okha. Bwana uja anakwezedwa pantchito chaka chotsatira, ndipo ine ndi amene ndinauzidwa kuti nditaipe kalata yowayamikira.