Vidiyo ija ndaiikanso, Malume

Malume, lero ku Msheireb, dera la mu mzinda wa Doha komwe ndimagwira ntchito ya ulonda, aonetsa filimu yakale ya ku Italy, ija ya amphawi enieni ojambulidwa mumsewu. Ndakumbuka inu, mtima n'kuwawa.

Si inu munkationetsa mafilimu amenewa kusukulu kwanu, n'kumanyoza akuluakulu a ku Italy amene anadana nawo atangotuluka nkhondo itatha, ati akuchititsa dziko manyazi? Koma ine nditaika vidiyo ya room yathu yogona anthu eyiti kuno ku Doha, munandiimbira: "Fufuta msanga iwe, ukunyazitsa banja. Kajambulitse pa mall." Ndinafufuta. Kani umphawi unkakukomerani ukakhala wa azungu basi?

Patha chaka chimwalirireni inu. Ndimakusowani, koma sindinakukhululukireni. Vidiyo ija ndaiikanso lero. Dzukani mudzaifufute nokha.