Che Waziri ndi Mwana Wotchedwa Ujeni

Mukafunsa akuluakulu a ku Limbe za atelala akale, ambiri amayamba aseka kaye asanatchule Che Waziri. Sikuti ankasoka bwino kuposa anzawo ayi. Malaya awo ankatuluka dzanja lina lalitali lina lalifupi, ndipo ukadandaula ankakuuza kuti vuto ndi phewa lako. Chomwe anthu sawaiwalira ndi mafunso. Ine ndinawapeza atakalamba kale, mano atatha m'kamwa, koma tsiku lomwe ndinapita kukasoketsa kabudula anandifunsa kwathu, dzina la amalume anga, chomwe chinandipatsa chipsera cha pachigongono, ndiponso chifukwa chomwe ndimayendera mopendekeka. Kabudulayo ndinakamutenga patatha masabata atatu.

Anabadwira cha ku Chiradzulu. Nkhondo ya Chiwaya, yoyamba ija ya dziko lonse, itabuka, anagwidwa pamodzi ndi amuna ena ambiri kuti akakhale atengatenga, osenza katundu wa asilikali pamutu. Anayenda zaka ziwiri mpaka phazi lawo la kumanzere linadyeka ndi matekenya, zala ziwiri n'kuduka. Anabwerako mu 1917 akutsimphina, khasu lisakuwayeneranso. Mmwenye wina wa sitolo pafupi ndi siteshoni ya sitima, dzina lake Nooruddin, anawaphunzitsa makina osokera opukusa ndi dzanja n'kuwapatsa malo pakhonde. Akazi awo, a Halimatu, ankagulitsa zitumbuwa chapambali pomwepo.

Nkhondo itatha, atengatenga anayamba kubwerera mmodzimmodzi, owonda ngati bango. Ambiri ankadzera pa Limbe, ndipo ankaima pakhonde paja kuti asoketse majekete ndi mabulangeti ong'ambika omwe anabwera nawo. Koma ena sanabwere, ngakhale uthenga wawo womwe. Akazi awo ankapita ku ofesi ina m'tauni, kalaliki n'kuyendetsa chala pa mndandanda wa akufa, n'kupukusa mutu. Dzinalo kulibe. Mkazi ankabwerera osadziwa ngati alire kapena ayale mphasa ya awiri.

Che Waziri ankadziwa chomwe mayinawo ankasowera. Ku nkhondo kuja ndi ochepa omwe ankayenda ndi dzina la kwawo. Ena ankanama dala powagwira, poganiza kuti akathawa sadzalondoledwa. Ena wolemba sanawamvetse, n'kungolemba chomwe chamufikira. Ena anzawo anawatcha potengera katundu yemwe ankasenza. Kunali a Supuni, a Machesi, a Foloko, kaya ndi angati. Iwo eni zaka ziwiri zonse anali Ketulo.

"Ndikanafera komweko akanalemba kuti Ketulo wafa," ankatero. "Ndiye mukuti a Halimatuwa akanalira ketulo?"

Apa ndi pomwe kufunsafunsa kwawo, komwe kunkatopetsa anthu, kunapeza ntchito. Mayi akabwera ndi dandaulo la mwamuna wosowa, iwo dzina sankalilabadira kwenikweni. Ankafuna kudziwa ngati munthuyo anali wamanzere, ngati mano ake anali osema, mphini zake zinali pati, ankayetsemula bwanji, akakwiya ankatukwana m'Chiyao kapena m'Chilomwe. Akatero ankadula kachigamba ka nsalu n'kukamangirira pa chingwe chomwe chinali pamwamba pa makina. Kachigamba kalikonse kanali munthu. Tsono wobwera kunkhondo aliyense yemwe anabweretsa jekete sankachoka asanafunsidwe za chingwe chonsecho. Nooruddin ankadandaula kuti khonde lake lasanduka bwalo la milandu, koma sanawathamangitse, poti odikirawo ankagula sopo ndi mchere.

Ena anapezekadi. Wina anali gone m'chipatala ku Zomba, osakumbuka kwawo. Wina anali atakwatira ku Karonga, ndipo mkazi wake atamva anati bola akanangofa. Ambiri anali atafadi, koma abale ankathokozabe, chifukwa tsopano ankatha kumeta maliro n'kumasula wamasiye.

M'chilimwe cha 1919 kunabwera mayi wina wachitsikana wochokera m'munsi mwa phiri la Ndirande, dzina lake Magdalene, atagwira padzanja kamtsikana ka zaka zitatu. Mwamuna wake, Bennet, ankachapa ndi kusita zovala kunyumba ya mzungu wina ku Blantyre, ndipo anagwidwa mu 1916 mayiyo ali ndi pakati poyamba.

Che Waziri anayamba ndi mwanayo, monga ankachitira ndi aliyense wodutsa. "Nanga awa ndi ndani?"

"Ameneyu ndi Ujeni," anatero Magdalene.

"Ee, ndikufunsa dzina, amayi."

"Ndi lomwelo. Alibe lina."

Telalayo anasiya kupukusa makina. Chibadwire anali asanaonepo munthu woyenda ndi miyendo yake wopanda dzina. Magdalene anafotokoza kuti tsiku lomwe ankamutenga, Bennet anamuuza kuti: "Mwanayo musamutche. Ndidzatcha ndekha, miyezi isanu ndi umodzi si kale." Miyezi ija inasanduka zaka zitatu. Akulu a mpingo anabwera kudzanena za ubatizo, iye anakana. Amalume ake anakalipa kuti mwana si galu, ngakhale galu yemwe amatchedwa, iye anakanabe. Anthu atatopa anayamba kungoti Ujeni, mwanayo n'kumavomera.

"Ndikamutcha ine," anatero mayiyo, "ndiye kuti ndavomera kuti bambo ake sabwera. Mundipezere mwini dzina."

Che Waziri anafunsa mafunso awo onse. Bennet sanali wamtali, sanalinso wamfupi. Analibe mphini. Chomwe anali nacho n'choti posita ankaimba mluzu mpaka kugonthetsa anthu m'khutu, komanso poti anaphunzirako pang'ono ku sukulu ya mishoni, ankawerenga mokweza chilichonse cholembedwa, kaya ndi pathumba la mchere kaya pachitini cha palafini. Telalayo anadula kachigamba koyera n'kukamangirira kumapeto kwa chingwe.

Kuyambira pamenepo Magdalene ankabwera Loweruka lililonse wapansi kuchokera ku Ndirande. A Halimatu ankamupatsa mpando ndi chitumbuwa cha mwana, Ujeni n'kumakwawa pansi pa tebulo kutola timitengo ta ulusi. Yankho linali lomwelo. Za Bennet palibe anamvapo. Za mluzu, obwera kunkhondo ankangoseka kuti wokhala ndi mpweya woimbira mluzu ku ulendo umene uja anali ndani?

Tsono pa chingwe chomwecho panali kachigamba kena kofiira komwe kankawasowetsa mtendere Che Waziri. Kameneka kanali kosiyana ndi tinzake. Tina tonse tinali ta anthu ofunidwa ndi abale awo, koma aka kanali ka wakufa wopanda womufuna. Amuna atatu, aliyense payekha, anali atawauza za munthu wina wa cha ku Blantyre konkuno yemwe anafa ndi kamwazi kutsidya kwa mtsinje wa Ruvuma. Onse ankamudziwa kuti Bambo a Dolofe, dzina lomwe odziwa kulemba amalemba Dorothy. Ankati munthuyo ankakamba za mwana wake wamkazi kuyambira podzuka mpaka pogona. Che Waziri anatuma a Halimatu kumsika ndi m'mipingo kukafufuza mayi wa mwana wotchedwa Dolofe. Anapezeka a Dolofe awiri, wina ku Kapeni wina ku Chichiri, onse abambo awo ali moyo, ndipo mmodzi mwa abambowo anafuna kumenya nawo munthu pomva kuti akumuyesa maliro.

Apa pokha ine ndimawapsera mtima Che Waziri, ngakhale anagona kale. Chaka chathunthu tizigamba tiwiri tija tinali lende pa chingwe chimodzi, kutalikirana kwake osakwana mkono. Munthu yemwe ankafunsa mpaka kayetsemulidwe sanafunse amuna atatu aja funso limodzi lokha, loti kodi Dolofeyo anali wamkulu bwanji. Paja amati safunsa anadya phula, koma apa anadya ndi wofunsa yemwe. Komabe ndikaganiza bwino ndimawakhululukira. Ndani mwa ife angamve kuti uyu ndi bambo a uje n'kukayika kuti mwanayo anamunyamulapo m'manja?

Chakumapeto kwa 1920, dzinja lili mkati, tsiku Lachitatu m'mawa, kunabwera bambo wina wa ku Chirimba, dzina lake Vitalis. Anachedwa kubwerera kwawo chifukwa anadwalira m'njira, kenako n'kugwira ganyu ku Fort Johnston. Anabweretsa jekete loti alidule manja. Che Waziri anayamba chingwe chawo monga mwa masiku onse, Vitalis n'kumangoyankha kuti kaya, kaya. Atafika pa kofiira kaja, bamboyo anakhala tsonga.

"Ameneyo ndiye ndikumudziwa, achimwene. Tinkafunda bulangeti limodzi. Ndinamukwirira ndine ndi manja angawa."

"Chonde ndithandizeni," anatero telalayo. "Ndafunafuna mwanayo Blantyre yense. Kodi Dolofe ameneyu ndi namwali kapena ndi wakhanda?"

Vitalis anaseka, kuseka kwa chisoni. "Mwana wake uti? Mwanayo sanamuone n'komwe. Anasiya mkazi ali ndi pakati."

"Nanga dzinalo?"

"Analitola pabokosi. Ankasenza bokosi lachitsulo la mzungu wina wa asilikali, ndiye pambali pake panalembedwa mawu ndi penti yoyera. Mnzathuyo sankadutsa cholembedwa osachiwerenga, m'mawa uliwonse asanasenze ankayamba wawerenga kaye mokweza. Tsiku lina anafunsa khukhi kuti mawuwa akuti chiyani, khukhi n'kumuuza kuti ndi dzina la mwana wamkazi wa bwanayo. Basi iye anati, dzina la mwana wanga ndalipeza, ndalisenza ndekha pamutu, palibe angandilande. Ife tinati, nanga akabadwa wamwamuna? Iye anati adzazolowera. Kuyambira pomwepo tinkangomuti Bambo a Dolofe, dzina lake lenileni sitinalifunsenso."

Che Waziri anayang'ana kachigamba koyera kaja kumapeto kwa chingwe. Anafunsa motsitsa mawu ngati munthuyo ankaimba mluzu.

"Mpaka kapitawo anachita kumuletsa kuti atigwiritsa kwa adani."

"Ntchito yake kuno inali yanji?"

"Ankatiseka kuti sitidziwa kuchapa. Ankati iye kolala ya mzungu amaiwongola mpaka kuima yokha."

Uthenga wa maliro sauzira mkazi pakhonde la sitolo ngati mtengo wa nsalu. Umayamba wafika kwa mwini mbumba. Che Waziri anavundikira makina dzuwa lisanafike pamutu, chinthu chomwe sankachita kupatula Lachisanu popita ku mzikiti. Anapempha Vitalis kuti awaperekeze, a Halimatu n'kusiya zitumbuwa m'manja mwa mnzawo, atatuwo n'kuuyamba wa ku Ndirande m'matope. Ndi phazi lawo lija anafika dzuwa litapendeka. Nkhani imeneyi anandisimbira okha patapita zaka makumi atatu, ndipo ndi yokhayo yomwe anasimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza osandifunsa ine kanthu pakati.

Amalume a Magdalene anamva zonse, kenako anatuma munthu kukaitana mwana wa mlongo wawoyo kumunda. Magdalene atafika n'kuona telala wa ku Limbe atakhala pakhonde la amalume ake tsiku losakhala Loweruka, anatula khasu pansi pang'onopang'ono. Anakhala pamphasa, a Halimatu n'kusendera pafupi naye. Vitalis anafotokozanso, za bulangeti, za kamwazi, za mtengo waukulu womwe anamuika patsinde pake. Magdalene sanalire. Ankangoyang'ana pakamwa pa bamboyo ngati akudikira kuti afike penapake.

"Za mwana sananene kanthu?" anafunsa.

"Ananena, amayi. Ndi chimene ankanena tsiku ndi tsiku. Anamutcha kalekale, mwina inu musanachire n'komwe."

"Anati ndani?"

"Dolofe."

Mayiyo analitchula yekha chapansipansi, kawiri, ngati munthu wolawa mankhwala achilendo. Kenako anatembenukira kubwalo, komwe ana ankaumba ng'ombe zadothi pafupi ndi nkhokwe.

"Dolofe!"

Palibe mwana anadzutsa mutu.

"Dolofe, tabwera kuno!"

Kamtsikana kena kokulirapo kanaona komwe mayiyo ankaloza, n'kugwedeza mnzakeyo paphewa. "Ujeni, akukuitana amako."

"Musadzamutchenso choncho," anatero Magdalene. "Bambo ake amutcha."

Mwanayo anaimirira, dothi lili m'manja, n'kuyenda mapazi angapo. Mayi ake anaitananso kachitatu, atatambasula manja onse awiri. Apo mwanayo anaima, n'kucheukira kumbuyo kwake kuti aone yemwe akuitanidwayo.

Pamenepo m'pamene Magdalene anagwa chafufumimba pamphasa n'kuyamba kulira maliro a mwamuna wake.