Rekodi Yanga pa Dzina la a Mbewe

A Mbewe anandilanda rekodi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anandilanda masanasana, amayi anga akuona, osandikhudza ndi chala chomwe.

Tinkakhala ku Manchester, ine ndi amayi, omwe ndi anamwino. Bambo anamwalirira konkuno, ndipo amene anathamangathamanga kuti thupi lawo lipite kwathu ku Ntcheu anali a Mbewe omwewa, mkulu wa mpingo wathu. Anayendera Amalawi khomo ndi khomo mpaka ku Liverpool kusonkhetsa chipepeso. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa aliyense ndikamuuza nkhaniyi amathamangira kundikumbutsa. Ndikudziwa. Ana tonse tinkawatchula kuti ankolo.

Loweruka lina anatenga achinyamata a kutchalitchi kupita nafe kumalo othamangitsira tigalimoto. Chinali chinyumba chachikulu chomwe kale chinali fakitale, chozizira m'kati, chonunkha petulo ndi matayala opserera. Njira yake inali yozungulira, yokhotakhota, yotchingidwa ndi matayala akale mbali zonse. Pakhoma panali chibolodi chamagetsi choonetsa nthawi imene munthu watenga kuzungulira kamodzi, ndipo pamwamba penipeni panali dzina la amene palibe anamuposapo chitsegulire malowo. Womuposa ankapatsidwa chikho komanso chaka chathunthu chopikisana mu ligi yawo osalipira. Ligi imeneyo amayi sakanaikwanitsa ngakhale akanagwira mashifiti onse a m'chipatala.

Malowa sanali achilendo kwa ine. Bambo a Callum, mnzanga wa kusukulu, ankakonza tigalimoto komweko. Tikaweruka tinkapita kukawathandiza kusanja matayala, ndipo kukakhala kopanda anthu ankatilola kuzungulira, koma wotchi itazimitsidwa. Ndinkadziwa pamene konkire imaterera, ndinkadziwa kona imene imakunyenga kuti uponde buleki pomwe sipafunika. Chimene sindinkadziwa ndi nthawi yanga. Tsiku limenelo ndi lomwe wotchi inali kudzandiwerengera koyamba.

Wotchiyo sidziwa nkhope. Imawerenga kachipangizo kamene kali pa kagalimoto, ndipo pakhomo amalemba dzina lako pa nambala imene akupatsa. Ine anandipatsa 9. A Mbewe, amene anati athamanga nawo kuti tione kuyendetsa kwa anthu a laisensi, anawapatsa 4. Titavala zisoti, iwo anakhala m'kagalimoto kawo n'kudzukamo, chiwongolero chikuwapana pamimba.

"Limbani, tabwera kuno. Kakoko kakuoneka kotakasuka. Tisinthane."

Tigalimoto tonse tinali tofanana. Woyang'anira anali kutsogolo, akumanga lamba wa mwana wina. Ndinayang'ana amayi kuseri kwa mpanda, iwo n'kugwedeza mutu pang'ono, kugwedeza kuja kotanthauza kuti usandichititse manyazi. Ndinadzuka. Ndinanenanso kuti zikomo. Za mayina sindinaganize n'komwe. Tinaleredwa choncho: wamkulu akafuna mpando, miyendo imadzuka mutu usanafunsidwe.

Nyali itasanduka yobiriwira ndinaiwala zonse. Injini inali kulira kumsana kwanga, kutentha kwake kukundiwotcha phewa, mano akugundana chifukwa matako anali pafupifupi pansi. Anzanga ankawombana ndi matayala, akuseka m'zisoti. Ndinawadutsa mmodzimmodzi mpaka njira inayera kutsogolo kwanga. Kenaka panabwera ulendo umodzi umene zonse zinangogwirizana. Sindinalimbane ndi chiwongolero. Pa kona yomaliza sindinachotse phazi pamoto, chigongono chinapukuta tayala la m'mbali, ndipo podutsa pamzere ndinamva belu likulira m'chinyumba chonse.

Nditavula chisoti, chibolodi chinali kuthwanima. Pamwamba panali dzina latsopano: MBEWE, masekondi makumi atatu ndi imodzi. Langa linali pansi, lachiwiri kuchokera kumapeto.

A Mbewe anavula chawo, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana chibolodi, kenaka anayang'ana ine. Tinayang'anizana kanthawi ndithu, ndipo ndinaona kuti amvetsa zimene zachitika. Ndinayembekezera kuti aseka n'kunena zoona. Pomwepo achinyamata anayamba kuwomba m'manja, mwini malo akubwera ndi chikho ndi kamera. A Mbewe anapukuta dzanja pa buluku n'kulandira.

"Mwaona ana inu? Galimoto ndi zaka."

"Nanga iwe Limbani, unali pa ngolo?" anatero mnyamata wina, onse n'kufa nacho chiseko.

Ndinati, "Ankolo, koma..." Zala za amayi zinandigwira pamkono, zikhadabo mpaka m'mnofu.

"Tseka pakamwa."

"Mami, mwaona nokha."

"Ndati tseka."

M'basi, titayandikira kwathu, amayi anayankhula, maso ali pawindo. "Bambo ako akanaikidwa kuno ngati munthu wopanda kwawo. Ndiye amene anawafikitsa kumudzi ukufuna umuvule pagulu chifukwa cha zidole?"

Bambo a Callum anali ataona mmene nambala 4 inakhotera kona yomaliza, ndipo sanafune kuuzidwa kuti munali ndani. Anakalankhula ndi mwini malo. Yankho linali losavuta: mwini dzinalo abwere, anene ndi pakamwa pake kuti tinasinthana, dzina lisinthidwa ndipo ligi ikhala yanga. Anaika malire, kuti zichitike ligi isanayambe. A Mbewe anali ndi galimoto, ndipo malowo anali panjira ya kuntchito kwawo.

Ndinawapempha mwaulemu wonse umene ndinaphunzitsidwa. Ndinawadikira panja pa tchalitchi, manja kumbuyo. "Ankolo, ndimati mukapeza mpata..." Anati tiona. Lamulungu linalo anati ali ndi msonkhano. Linalo anandifunsa ngati masamu ndikukhoza ngati mmene ndikulimbikira za tigalimoto. Apo n'kuti chithunzi chawo atanyamula chikho chitazungulira m'mafoni a mpingo wonse, azibambo akuwatchula kuti adalaivala.

Lamulungu lomaliza ligi isanayambe, tinali kumwa tiyi mapemphero atatha. Bambo wina anawafunsa mwanthabwala kuti chinsinsi chake n'chiyani. A Mbewe anaika kapu pansi n'kuyamba kufotokoza ndi manja mmene anakhotera kona yomaliza osachotsa phazi pamoto. Zimenezo anazimva kwa ine, pamene ndinkawachonderera. Ndinali ndi mbale ya mandasi m'manja, ndikugawira akuluakulu.

"Mukunama," ndinatero.

Sindinakuwe, koma holo yonse inamva. Masupuni anasiya kulira m'makapu. Mayi wina anagwira pakamwa. Amayi anali kukhomo la khichini ndi ketulo, ndipo nkhope imene anali nayo ndinaionapo kamodzi kokha, tsiku limene adokotala anatiitanira m'kachipinda kukatiuza za bambo.

A Mbewe anamwetulira. "Ana okulira kuno," anatero, n'kutenga ndasi m'mbale mwangamo.

Madzulo ake amayi anavala chitenje pamwamba pa diresi, tinakwera basi wa kwa a Mbewe. Pabalaza anagwada iwo poyamba, munthu woti wachezera usiku wonse ataimirira m'wodi, n'kundikoka malaya kuti nanenso ndigwade. Kapeti inali yokhuthala, yonunkhira mankhwala ochapira. Chikho chinali pashelefu, pambali pa chithunzi cha ukwati wawo.

"Nena," anatero amayi.

Ndinadziwa kuti ndikapanda kunena, adzakhala okha m'mpingo umenewo, m'dziko limene munthu ukadwala kapena kuferedwa, okuthandiza ndi omwewo.

"Pepani ankolo. Ndinalakwa."

"Unalakwa chiyani?"

"Ndinakunenani kuti mukunama."

Anandisanjika dzanja pamutu, lolemera, lofunda. "Ndakukhululukira mwana wanga." Anatipatsa ndi sobo yemwe, ndipo tinamwa.

Ligi inayamba popanda ine, ndipo a Mbewe sanakapondeko. Ndinaganiza zongokaithyolanso rekodiyo pa dzina langa. Nyengo yonse yozizira ndinasunga timakobiri, ndipo m'malo mowerenga za kusukulu ndinkawerenga za anthu othamangitsa galimoto. Ndinaphunzira kuti marekodi alipo a mitundu iwiri. Anthu ena amathamanga molunjika m'chipululu. Ena amazungulira bwalo lotsekeka, kubwerera pomwe anayambira, ndipo kalekale anthu ankamanga mabwalo a makoma opendekeka ngati beseni kuti galimoto isachepetse liwiro pokhota. Ambiri anafera pomwepo pofuna kuti dzina lawo likhale pamwamba.

Kutayamba kufunda ndinabwerera, ndalama zili m'thumba. Ndinapeza atagwetsa zonse. Njira inali ina, atawonjezera mlatho, tigalimoto tili ta magetsi. Chibolodi chinali chitayamba mwatsopano. Pafupi ndi khomo anakhoma kachitsulo konyezimira kolembedwa rekodi ya njira yakale, ndi dzina lija.

Bambo a Callum anandipeza nditaima pamenepo. Anati rekodi ndi ya njira yake. Njira ikasintha, palibe angaithyolenso. Anandiuza za bwalo lina lakale kumwera kwa dziko lino, limene linatsekedwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba ndipo silinatsegulidwenso. Amene anali pamwamba nthawi imeneyo ali pamwamba mpaka lero, ngakhale galimoto za masiku ano zingamusiye kutali. Iwo ankaganiza kuti akunditonthoza.

Sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sindinena kuti anandisiyitsa ndi a Mbewe. Ndinangotopa ndi kukhala pansi n'kumavomera. Pano ndimasintha matayala pagalaja ina, ndipo kutchalitchi sindipita. Amayi sindiwaimba mlandu monga kale. Anasankha chimene chikanatisunga amoyo kuno, ndipo ine ndinali mtengo wake.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti munthu akhoza kukuchitira chabwino chachikulu n'kukuberanso, ndipo chabwinocho sichifafaniza kubako. Kwathu timaphunzitsa mwana kudzuka pampando, koma palibe amene amaphunzitsa wamkulu kubweza mpandowo. Ulemu ndimaperekabe. Koma munthu akati tisinthane, ndimayamba ndafunsa kuti palembedwa dzina la ndani.

Za maliro a bambo, amayi akhala akuthokoza zaka zonsezi, ndi mawondo omwe. Za ine palibe wabweza kanthu. Chikho asunge, ligi inapita. Chimene a Mbewe ali nacho changa ndi masekondi makumi atatu ndi imodzi, ndipo ndikuwafunabe.