Sitima Imene Vasemaca Sanaizindikire

Pachilumba pathu panalibe munthu wa maso akuthwa ngati azakhali anga a Vasemaca. Ndiwo ankayamba kuona sitima ikadali kadontho kunyanja, n'kuliza chigoba cha nkhono ya m'nyanja ngati lipenga kuti tonse titsitsire kugombe matumba a kokonati wouma. Sitimayo inali Marama Vula, yoyera mbee, ya chumuni chachikasu, ndipo amuna awo a Apisalome ankagwira ntchito yosonkhezera malasha m'menemo.

"Amenewo si maso, mlamu, n'kupukwa mwamuna," amayi anga ankawaseka. "Akanakhala wanga, nanenso bwenzi ndikuona mpaka kumzinda wa Suva."

"Inu maso n'ngachiyani?" azakhali ankabweza. "Achimwene angawa mukawasiya pamkeka m'mawa, madzulo mumawapeza pomwepo."

Nkhondo itafika m'nyanja zathu mu 1942, asilikali a pamadzi anatenga sitimayo pamodzi ndi anthu ake. Anaipaka penti yotuwa ngati phulusa, dzina n'kulifafaniza, kutsogolo kwake n'kuikako mzinga. Ngakhale huta imene inkalira polowa padoko anailetsa. Ife sitinauzidwe kanthu. Ndani amavutika kuuza anthu a kuchilumba? Nthawi imeneyo azakhali anali ndi khanda, Litiana, limene bambo wake anali asanalione, ndipo tsiku lililonse ankakwera nalo pachitunda kukayang'ana nyanja.

M'mawa wina azakhali anaona utsi. Inali sitima yotuwa, yamzinga, yobwera mwakachetechete. Analiza chigoba mwa kaliridwe ka ngozi, tonse n'kuthawira kuminda ya koko kuseri kwa phiri. Palibe amene anatsutsa, pakuti maso awo anali asanatinamizepo.

Tili chibisalire, mphepo inkatibweretsera mawu a munthu akuitana kumudzi, koma osamveka bwino. Khanda linayamba kulira, azakhali n'kulitseka pakamwa ndi chikhato mpaka mawu aja anatha.

Titatsika dzuwa litapendeka, sitima inali itapita. Pamkeka pa azakhali panali kadiresi ka mwana, sopo, ndi chipewa cha a Apisalome chodetsedwa ndi malasha. Mapazi a nsapato zawo anali pakhomo lililonse, mpaka kutchalitchi ndi kuchitsime. Azakhali anakhala pansi atagwira chipewacho, ndipo tsiku limenelo sanalire n'komwe.

Chaka chisanathe, sitimayo inamizidwa kufupi ndi zilumba za Solomoni. Anthu a kumalasha amakhala pansi penipeni, ndipo palibe amene anatuluka. Wophika wina amene anapulumuka ndiye anadzatiuza kuti a Apisalome anachita kugwadira mkulu wa sitima kuti aime pang'ono, angoona nkhope ya mwana.

Azakhali sanakwatiwenso, ndipo chigoba sanachikhudzenso. Anakalamba akuluka mikeka atafulatira nyanja. Amiseche ankanong'ona kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngati kuti iwowo sanali patsogolo pothawa. Mpaka lero ndikawakumbukira azakhali mtima umandiwawa.

Litiana anakula osafunsa zambiri. Koma atabereka mwana wake woyamba, ine ndili pomwepo, anatembenukira kwa azakhali.

"Amayi, kodi bambo mawu awo anali otani?"

Azakhali anasiya kuluka.

"Unawamva, mwanawe. Iwe wekha ndiwe unkawayankha. Ine ndi amene ndinakutseka pakamwa."