Ndinazimitsa Seva Masana

Kampani imene ndimagwirako ntchito imakonzera eni katundu mapepala a kasitomu pa chipata cha Mwanza. Ofesi yathu ili pamzere wa maofesi ena a ntchito yomweyi, khomo ndi khomo, moti wa ofesi ina akayetsemula timamva. Ndinayamba ngati wothamanga ndi mapepala, kuchoka ku ofesi kupita pa windo la a kasitomu n'kubwerera. Mabwana ataona kuti ndikagwira pulinta yofa imadzuka, ananditumiza ku Blantyre kukaphunzira pang'ono za makompyuta. Nditabwerako anandipatsa kachipinda ka kuseri komwe kumakhala seva.

Seva yathu ndi bokosi limodzi lachitsulo, koma m'kati mwake muli makompyuta angapo osagwirika ndi manja, iliyonse ndi ntchito yake. Ina imasunga mafayilo a eni katundu, ina imayendetsa pulogalamu imene makalaliki amakonzera mapepala asanawatumize kwa a kasitomu. Ku likulu, ku Blantyre, kuli bokosi lina lofanana nalo. Pakati pa awiriwa pali pulogalamu yokopera: chilichonse cholembedwa ku Mwanza chimadutsa pa netiweki n'kukalembedwanso ku Blantyre pakangopita kanthawi. Cholinga n'chakuti bokosi la kuno likadzapsa, adzadzutse makope aja ku likulu, ife tizigwirira ntchito pa iwo tili konkuno.

Chaka chimenecho opanga pulogalamu yokoperayo anasiya kusamalira mtundu wakale umene tinali nawo. Likulu linagamula kuti tiike watsopano mu Okutobala, mvula isanayambe. Inali nyengo ya feteleza. Mathiraki ochokera ku Beira anali atafola mpaka kutsidya ku Zobue, madalaivala atagona pansi pa matelela kuthawa dzuwa.

Wotsogolera ntchitoyo anali mayi wina, injiniya wa ku likulu. Ku Mwanza sanabwere, tinkalankhulana pa foni. Ntchito ankaidziwa kuposa ine, ndipo sankapupuluma. Anayamba n'kusunga kope lathunthu la makina momwe analili, kuti zikavuta tibwerere pomwepo. Kenako anaimitsa kukopera, n'kuika pulogalamu yatsopano mbali ya ku Blantyre, kenako mbali ya kuno, chifukwa mbali ziwirizi zikasiyana msinkhu sizimvana. Yanga inali kukhala pafupi ndi bokosi, kuwawerengera zimene zalembedwa pa sikirini, ndi kuonetsetsa kuti jenereta ili ndi mafuta. Magetsi anazimadi tili pakati, jenereta n'kulandira. Makalaliki kutsogolo sanadziwe n'komwe kuti kuseri kukuchitika kanthu.

Kukopera kutayambiranso, makope anatenga masiku kuti apeze pomwe tinali. Atafika, zizindikiro zonse zinasanduka zobiriwira. Mayi aja anadzutsa makopewo ku Blantyre m'malo otchingidwa, osakhudzana ndi ntchito yathu, ndipo onse anadzuka bwinobwino. Anandiuza kuti chatsala n'chimodzi: likulu likudikira mawu a munthu wa ku Mwanza otsimikiza kuti ntchito yatha.

Ndinawauza kuti mawuwo sindingapereke.

Makope anadzukadi, koma anadzukira ku Blantyre, ndipo amene anawaona anali ku Blantyre komweko. Kuno kunalibe kalaliki ndi mmodzi yemwe amene anakonzapo pepala kudzera pa iwo. Pakati pa ife ndi likulu pali mtunda, pali netiweki ya pamalire imene imayenda mmene yafunira. Zaka za m'mbuyo ndinkapempha kuti tiyese zenizeni, yankho linkakhala lakuti tidzaona. Tsopano kwa nthawi yoyamba panali chinthu chimene sichikanatheka popanda ine kuvomera.

Injiniya sanakwiye. Anati kuyesa kotero n'kotheka: timazimitsa makina a ku Mwanza mwadongosolo, timadzutsa a ku Blantyre, anthu amagwirirapo ntchito, kenako timabwezera. Koma ntchito iima posamuka, iimanso pobwerera, ndipo chilolezo choimitsa ntchito ya nthambi si chawo, n'cha a manijala athu.

Munthu amene sanagwirepo ntchito pachipata sangamvetse kulemera kwa mawu amenewo. Kuno dalaivala sadikira. Akaima pakhomo panu ndi envulopu yake, inu n'kumuuza kuti makina avuta, othamanga ndi mapepala a ofesi yoyandikana amakhala amugwira kale pamkono. Amangoti kwathu netiweki ilipo, madala. Akalowa kumeneko lero, ulendo wamawa amalowanso komweko. N'chifukwa chake pamzere wathu pali lamulo losalembedwa: chipata chikakhala chotsegula, makina sazima. Ngakhale ku maliro a mnzathu timapita mosinthana.

A manijala athu anachokera ku chigawo chapakati. Si munthu woipa. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo mwana wanga atagonekedwa m'chipatala pa boma anabwera kudzamuona. Nditawafotokozera, anati ngati ndi choncho tiyese usiku, mzere wa mathiraki ukatha. Ndinakana. Usiku netiweki imakhala ngati msewu wopanda galimoto. Masana osintha ndalama onse amakhala pa foni, madalaivala akuimbira mabwana awo, maofesi onse akutumiza mapepala nthawi imodzi. Tsiku limene bokosi lidzafe, tidzafunika kugwira ntchito pa nthawi ngati imeneyo.

"Achimwene, zonse zikuonetsa zobiriwira. Mukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna ndione pepala likutuluka mu pulinta iyo, seva yakuno ili chizimire."

"Nanga likapanda kutuluka?"

"Ndiye kuti tadziwa lero, tili ndi pobwerera."

Anati ndingouza a ku Blantyre kuti zatha, kuyesa tidzachite feteleza akatha. Ndinayankha kuti feteleza akamatha mvula imakhala itakhwima, nthawi imene ziphaliwali zimatentha makina, ndipo chimene sindinaone sindinganene kuti ndaona. Anandiuza kuti ndipite.

Masiku anapita. Likulu linkaimbira a manijala kufunsa chifukwa chake Mwanza ili chete. Iwo akandifunsa, yankho langa linali lomwelo. Tsiku lina madzulo tikuweruka anandiimitsa pakhonde.

"Chitani zanuzo. Koma thiraki imodzi yokha ikapita kwa aneba, kachipinda kaja mutulukamo. Mubwerera ku mapepala."

"Ndamva, bwana."

Ndinamvadi. Kuthamanga ndi mapepala ndi ntchito ya miyendo yanthete. Umaima padzuwa pa windo, umakwera pa thanki ya thiraki kukawerenga nambala, umathamangira ofisala amene akupita ku nkhomaliro. Ine maondo anayamba kale kulankhula. Loweruka nditapita kumudzi kwa Nthache ndinawauza mayi a kunyumba. Anafunsa ngati bokosilo likudwala. Ndinati ayi. Anafunsa ngati pali amene wandituma. Ndinati ayi. Anapitiriza kusenda chinangwa, kenako anati kuuma mutu ndinabadwa nako, kungoti kunachedwa kupeza ntchito.

Tinasankha Lachitatu, dzuwa litakwera, mzere uli pachimake. Ndinauza makalaliki kuti asunge zimene akulemba n'kutseka. Mmodzi wa iwo, mayi wa pakamwa pakuthwa, anati ndikupha mbuzi yabwinobwino kuti ndione ngati mpeni ukudula. Anzake anaseka. Ndinalowa kuseri, foni ili pakhutu. Injiniya anazimitsa makompyuta a m'kati mwa bokosi imodzi imodzi, n'kudikira kuti zomaliza kulembedwa zifike ku Blantyre. Atanena kuti zafika, ine ndinazimitsa bokosi lenilenilo, kuti pasadzakhale wonena kuti linkathandiza mobisa. Kachipinda kaja ndinali ndisanakamvepo kali zii. Ndinamva mpaka nkhunda padenga.

Nditatuluka ndinapeza madalaivala atadzaza pakhomo. Kutsogolo kunali mdala wina wa ku Tete, woyendetsa thiraki ya feteleza, amene wakhala akubwera kwa ife kuyambira ndili wothamanga ndi mapepala.

"Amigo, mapepala anga mukuwaphika kapena?"

"Tangodikirani pang'ono, madala. Tikusamutsa makina."

"Kusamutsa? Ine ndikuona onse ali pomwepa."

Anadikira ndithu, chifukwa cha chizolowezi. Kumbuyo kwake othamanga a ofesi yoyandikana anali atayamba kale kuzungulira. Kenako foni yake inalira. Anali mwini mathiraki, akufunsa chifukwa chake katundu sakuyenda. Mdala uja anamvetsera, n'kutenga envulopu yake pa kauntala. Anandigwedezera mutu ngati munthu wopepesa maliro, n'kulowa khomo linalo. Anzake a kampani yomweyo anamutsatira. A manijala anali ataima pa windo la ofesi yawo.

Patapita kanthawi injiniya anati yesani tsopano. Makalaliki analowa. Pulogalamu inatseguka, koma mwaulesi, ngati thiraki yodzaza ikukwera chitunda. Pepala loyamba linakana kufika pa pulinta. Injiniya anasintha kena kake mbali ya ku Blantyre, ndipo linatuluka. Ndinaligwira likadali lofunda, n'kuwerenga mzere uliwonse. Zonse zinali m'malo mwake. Tinagwira ntchito choncho mpaka dzuwa litapendeka, makalaliki akudandaula kuchedwa koma mapepala akupita. Kenako ndinayatsa bokosi, zolembedwa ku Blantyre zinakoperedwa kubwera kuno, ntchito inaimanso kachiwiri, ndipo tinabwerera pa makina athu a kuno. Palibe fayilo imene inasowa. Madzulo amenewo ndinaimbira likulu n'kunena kuti Mwanza yavomera, ntchito yatha.

Mawa lake nkhani inali ponseponse pamzere. Aneba ankandipatsa moni mwaulemu wonyanya, kufunsa kuti ndidzazimitsanso liti kuti akonzekere mipando. Kalaliki uja anafunsa ngati tsopano ndakhutira kuti mbuzi inalibe matenda. Kwa iwo nkhani inali yosavuta: ndinafufuza vuto, vuto silinapezeke, choncho ndinataya mathiraki pachabe. Sindinatsutsane nawo. Ine sindinkafufuza vuto. Ndinkafuna kudziwa, ndipo ndinadziwa: makope amagwira ntchito kuchokera kuno, amachedwa, ndipo pulinta inkafunika kukonzedwa.

Lolemba lililonse timayamba ndi pemphero, kenako msonkhano waufupi. Lolemba limenelo a manijala anandiitana pemphero lisanayambe. Analankhula mofatsa. Anati mwini mathiraki aja wasamukiratu, ndipo likulu likufunsa iwo, osati ine. Anati mawu amene ananena pakhonde anamveka kwa anthu, sangangowameza. Koma anati pali njira. Pemphero likatha ndiime, ndinene pamaso pa onse kuti ndinalakwa ndipo sizidzachitikanso. Ndikatero iwo adzanena kuti nkhani yatha, ine ndikhalabe kuseri.

Kwathu kuno mkulu akakutsegulira khomo lotero, umalowa. Kupepesa sikuthyola msana. Timapepesa munthu akapunthwa yekha, timapepesa akanyowa ndi mvula. Ndipo iwo ankandichitira chifundo, ndinaona. Koma mawu akuti sizidzachitikanso sindikanatha kuwanena. Pulogalamu imeneyi idzakalambanso, adzaikanso ina. Tsiku limenelo wina adzafunsa ngati tiyese masana, ndipo adzamukumbutsa kuti amene anayesa anaima pano n'kuvomera yekha kuti kunali kulakwa.

Pemphero litatha, onse anandiyang'ana. Zikuoneka kuti ankadziwa kale. Ndinaimirira.

"Bwana, mathiraki aja andipweteka mtima. Mdala uja ndamudziwa kalekale. Mavuto amene mwapeza ku likulu chifukwa cha ine, pepani."

A manijala anagwedeza mutu, kudikira zotsala.

"Koma zoti ndinalakwa, ayi. Pulogalamu ikadzasinthidwanso, ndikadzakhala ndine, ndidzazimitsanso. Masana."

Wina anakhosomola. A manijala anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango.

"Achimwene, mwamva bwino zimene ndinakuuzani mu ofesi muja?"

"Ndamva bwino, bwana."

"Chabwino. Ma envulopu ali pa kauntala."

Ndinawatenga m'mawa womwewo n'kupita pa windo la a kasitomu. Ofisala wina wakale anandizindikira, n'kufunsa ngati makompyuta andichotsa ntchito. Ndinati ayi, ndangotuluka kudzaona dzuwa.

Seva tsopano amaiyang'anira ali ku Blantyre. Pakafunika kudina batani, amatuma kalaliki. Injiniya uja anandiimbira kamodzi kundiuza kuti zimene zachitika zamukhudza, koma za nthambi sangalowerere. Ndinamuthokoza. Sindinayembekezere zoposa pamenepo.

Ndikadali pa mapepala. Ndinagula chipewa chachikulu ndi nsapato zofewa, ndipo ndaphunziranso kudziwa ofisala amene amafulumira ndi amene ayenera kudikiridwa. Madzulo maondo amatupa, ndimawathowa ndi madzi otentha. A manijala sanandisungire chakukhosi. Nthawi zina tikakumana pakhonde, palibe wina womva, amandifunsa ngati ndaganizapo bwino, chifukwa kachipinda kaja sanaikemo munthu. Ndimawayankha kuti ndinayankha kale pamaso pa anthu, n'kunyamula ma envulopu anga kupita ku chipata.